Mchira wa Chinkhanira

Makalata awa anali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, pamodzi ndi makandulo a ubatizo ndi mano anga akale. Omwe ndinalemba ine ndinawatenga kwa mdzukulu wanga Noemí pomunamiza kuti ndikukawotcha. Sindinasinthe kanthu, ngakhale pamene ndikuoneka ngati galu wakuba mazira. Ndine Crisóforo Tlapale wa ku San Roque, wofulula pulke, mowa wathu wa madzi a khonje. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, aphunzitsi atatopa.

*

Monterrey, 9 Sepitembala 1997

Agogo okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi agogo aakazi. Ine ndinafika bwino, kungoti kuno kukutentha ngati m'ng'anjo. Botolo lija ndinatunga mumgolo wa chikondwerero, tsiku limene munawagonjetsanso a Tacho pa mpikisano wa mowa, linafika madzi oundana asanasungunuke.

Munandifunsa chimene ndimachita kwenikweni kuno, koma ndisanathe kuyankha munali mutayamba mkonono. Ndiye ndilembe, muwerenge muli maso.

Tizilombo timene timawiritsa mowa wanu timadya shuga wa m'madzi a khonje, kenako timamulumikiza mmodzimmodzi ngati mikanda ya kolona. Maunyolo a shuga amenewo ndiwo amachititsa mowa kulenda. Ndi chifukwa chake mukataya wotsala m'chikho pansi umajambula chinkhanira cha mchira. Maunyolo ena ndi aatali, ena apakati, ena aafupi. Funso langa ndi lakuti, kodi asilikali a m'thupi amaulandira unyolo mosiyana malinga ndi kutalika kwake? Timawalekanitsa ndi sefa yachilendo: aakulu amatuluka koyamba, aang'ono amachedwa chifukwa amalowa kabowo kalikonse kamene apeza panjira. Kenako gulu lililonse timalidonthetsera pa asilikali otengedwa mwa mbewa, ali m'kambale.

Agogo, aafupi sanachite kanthu. Apakati anawagwedeza pang'ono. Koma m'botolo lanu munali ena aatali kwambiri, ndipo amenewo anadzutsa asilikali onse ngati belu la tchalitchi. A Dokotala Treviño, mayi amene amayang'anira ntchito yanga, anavula magalasi n'kuwerenganso manambala kawiri. Akuti digiri yanga ikhale pamenepa. Chofunika ndi kubwereza katatu ndi mowa watsopano, zituluke chimodzimodzi, ndimalize mu Juni.

Chonde tumizani mabotolo awiri pa basi, mwa madzi oundana ngati muja. Zikomonso pondilola kulowa m'tinakali mawa lake la chikondwerero. Ndikudziwa kuti palibe mkazi anapondamo chimangireni nyumba ya mowayo, ngakhale agogo aakazi.

Mundiuze za mwendo wanu.

Mdzukulu wanu,
Noemí

*

San Roque, 21 Sepitembala 1997

Kwa Dokotala wa mbewa,

Moni wochuluka. Ife tili bwino. Mwendo ukupweteka pokhapokha agogo ako akandituma. Bulu wathu akupereka moni, akuti nayenso akanaphunzira akanakhala kutali.

Kalata yako ndinaiwerenga katatu, kamodzi ndekha, kawiri pabenchi ya kwa a Tacho mokweza. Akompadre angawa, amene anaimira bambo ako pa ubatizo, anamvetsera ngati munthu amene akumuzula dzino. Nditafika pa belu la tchalitchi anati mbewa za ku Monterrey ziyenera kuti ndi zidakwa. Ndinawauza kuti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuwaposa mchira wa chinkhanira pamaso pa mudzi wonse, nkhukundembo ya mphotho ndikudya ine, ndiye tsopano ngakhale mbewa zaponya voti.

Sefa yanuyo si yachilendo. Ndi Misa ya Lamulungu imeneyo. Akuluakulu amatuluka koyamba, ana amachedwa chifukwa amasuzumira paliponse. Boma likukulipirira sukulu kuti udziwe zimenezi?

Tsopano aliyense wobwera kudzamwa ndikumuuza kuti akumwa mankhwala. Dzulo a Nicanor anamwa zikho zitatu, n'kunena kuti akumva asilikali akuguba m'mimba. Ndinati aguba, koma atulukira chipata cha kumbuyo.

Mabotolo awiri ali pa basi ya Lachiwiri, m'katoni ya mazira. Koma tamvera, mwana iwe. Mowa wa chikondwerero ndi wa chikondwerero. Munthu savala suti tsiku lililonse. Ngati uwu ukhala wofatsirapo usadabwe.

Agogo ako Herlinda akuti uzidya. Akadali ndi mlandu wawo wa chaka ndi chaka: akuti Ogasiti aliyense wina amawabera masamba a nopali wawo wakale, chomera cha minga chija cha kuseri kwa tinakali, amene amati ndi wa mayi awo. Akuganizira mbuzi za a Tacho. Ine ndavomereza kuti mbuzi zimenezo zilibe mwambo.

Ukalemba unene ngati wapeza mwamuna kumeneko, kapena nawonso amachedwa mu sefa.

Agogo ako,
Crisóforo

*

Monterrey, 30 Okutobala 1997

Agogo,

Moni kwa inu nonse. Pepani ndachedwa kuyankha, ndimafuna ndikhale ndi nkhani yabwino, koma ndilibe.

Mabotolo anafika bwino. M'menemo muli maunyolo apakati ndi aafupi okha. Aatali aja mulibe ngakhale pang'ono. Ndinaganiza kuti aduka panjira, chifukwa unyolo wautali suchedwa kuduka: ukaupukusa kwambiri, kapena kuuika m'makina aja operera tomato ndi tsabola, umasanduka tizidutswa, ulenda n'kutha. Koma botolo loyamba linayenda msewu womwewo.

Ndiye ndinatenga tizilombo ta m'botolo loyamba lenilenilo, ndikuweta kuno, ndikutidyetsa shuga wabwino kuposa amene ndimamwera khofi. Tikupanga maunyolo apakati basi. Ndasintha kutentha, ndasintha chakudya, ndayesa kasanu ndi kawiri.

Munati wa chikondwerero ndi wosiyana. Wosiyana bwanji? Kodi mumatunga madzi ku khonje la munda wina? Mumausiya masiku ochuluka? Mgolo wake ndi wina? Chilichonse chimene mungakumbuke, ngakhale chooneka chopusa, chingandithandize. Botolo loyamba latsala pang'ono, ndikulisunga ngati mafuta odzozera odwala.

Ndipo chonde lekani kuuza anthu kuti ndi mankhwala. Zimene zachitika m'kambale ka mbewa sizinachitike mwa a Nicanor.

Pa tsiku la akufa muwayatsire bambo anga kandulo m'dzina langa.

Noemí

*

San Roque, 12 Novembala 1997

Dokotala wanga,

Moni. Tili bwino. Kandulo ya bambo ako tinayatsa, tinawaikira ndi chikho cha mowa patebulo la akufa. M'mawa chinali chopanda kanthu, ndiye mwina kumwambako kuli ludzu, mwina ndi ine.

Za mafunso ako. Munda ndi womwewo, mgolo ndi womwewo, bulu ndi yemweyo. Ndakhala ndikuganiza, ndipo ndapeza chinthu chimodzi chokha chimene chinasintha pakati pa botolo loyamba ndi enawo. Iweyo unalowa m'tinakali.

Usaseke. Ukudziwa mwambo wake. Polowamo timavula chipewa, timatchula dzina la Maria pamaso pa mtanda, ndipo munthu wa sopo wonunkhira kapena mafuta a m'tsitsi salowa, chifukwa mbewu ya mowa imaduka. Mbewu imeneyi anandisiyira bambo anga, ndi yokalamba kuposa mayi ako, ndipo ili ndi mtima wapachala ngati mkazi wamkulu. Iwe unalowa ukununkhira ngati sitolo ya mumzinda. Ine sindinanene kanthu poopa kukuchititsa manyazi. Kapena mbewu inanyanyala. Ipatse nthawi, mwina pofika Ogasiti ikhala itaiwala.

Uwauze a Dokotala akowo kuti tizilombo ta ku San Roque sitigwira ntchito kwa alendo. N'chimodzimodzi anthu ake.

Kodi ubwera pa Khirisimasi? Agogo ako akunenepetsa nkhukundembo ya mphotho ija. Ndaipatsa dzina lakuti Tacho kuti poipha ndisamve chisoni.

Agogo ako,
Crisóforo

*

Monterrey, 14 Januwale 1998

Agogo,

Moni wa chaka chatsopano. Pepani sindinabwere, ndipo sindinalembe. Khirisimasi ndinadyera mu labu.

Kalata yanu ndinaseka poyamba. Kenako zinthu zitapitirira kukanika, ndinagula sopo yemwe ndinasamba tsiku lija, n'kumuyesa pa tizilombo. Milungu itatu ndinataya pamenepo, ndikubisira anzanga chimene ndikuchita. Sopo akachuluka tizilombo timafa, akachepa sitisamala. Kutalika kwa unyolo sikusintha. Komabe ngati ndinakuonongerani mbewu ya bambo anu mwanjira ina imene sindikuidziwa, ndikhululukireni. Sindinayenera kulowa.

Tsopano nkhani yakula. Tinatenga kotsala ka botolo loyamba, n'kumasula maunyolo aatali aja kuti tione mikanda yake. Si mikanda ya tizilombo. Tizilombo tanu timalumikiza shuga wa mtundu umodzi wokha. Aatali aja ali ndi mitundu inayi, ya zomera.

A Dokotala Treviño anandiitana, n'kutseka chitseko. Sanakalipe. Anati pali njira ziwiri zokha: kapena ndinasakaniza zinthu mosasamala, kapena ndinathiramo dala kuti manambala akongole. Zimene tinapeza poyamba anali atazinena kale pamsonkhano wa aphunzitsi anzawo, ndiye manyazi ndi awonso. Andipatsa mpaka pa 27 Malichi kuti ndifotokoze kumene unyolo umenewo unachokera. Ndikalephera, nkhani ipita ku komiti, ndipo munthu woganiziridwa chinyengo samaliza digiri, kuno kapena kwina.

Sindinathiremo kanthu, agogo. Botolo ndinatsuka ndekha, ndinatunga ndekha inu mukuona. Usana wonse ndimangoyenda m'mutu kuchokera pamgolo mpaka pano, osapeza pamene ndinalakwa.

Ngati mukudziwa kanthu, lembani. Ngati mwandikwiyira chifukwa cha mbewu, lembaninso.

Noemí

*

San Roque, 20 Febuluwale 1998

Mwana wanga Noemí,

Ndine agogo ako Herlinda. Ukhululuke zilembo, dzanja langa linazolowera mtanda wa chimanga osati cholembera. Moni. Ine ndili bwino.

Ndikulemba chifukwa nkhalamba iyi sikulemba. Kalata yako inafika mwezi watha. Anaiwerenga ali chiimire, n'kuiika m'chipewa, ndipo mpaka lero akuyenda nayo pamutu. Ine sanandiwerengere. Ndinaiwerenga ndekha akusamba.

Munthuyu sali bwino. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti atseke pakamwa pake tsiku limodzi lokha, tsopano wayankha mopitiriza. Sakuseka bulu, sakupita kubenchi ya a Tacho. Lamulungu bambo mfumu anapunthwa pa guwa, iye osanena kanthu. Pamenepo ndinadziwa kuti ndi matenda. Ndinapita naye kuchipatala, anamuyeza magazi, akuti ali ngati mnyamata.

Ine ndikuganiza kuti ndi nkhani ya mbewu. Amuna awa tinakali amaiona ngati tchalitchi chawo. Ine chikwatiwireni ndimalekeza pakhomo, chakudya ndimaika pamwala. Iwe ndi sukulu yakoyo unalowa. Sindikukudzudzula, anakulola yekha, koma mwina ulembe kalata ina yopepesa bwino, mtima wake utsike.

Chabwino chimodzi, wayamba kusamala za nopali wanga. Ndimamupeza ataima pamenepo, manja kumbuyo, akungomuyang'ana. Mwina tsopano agwira wakuba uja.

Za kusukuluko sindikuzimva bwino, koma ndikudziwa kuti sunabe kanthu. Uli mwana unkabweza ngakhale chenje chopitirira. Ndakuyatsira kandulo kwa Roque woyera. Uzidya.

Agogo ako,
Herlinda

*

San Roque, 1 Malichi 1998

Noemí,

Moni. Agogo ako andiuza kuti anakulembera kuti upepese. Usapepese. Khala pansi, ndipo ngati pali mbewa pafupi uzitulutse, izi si za ana.

Mbuzi za a Tacho ndine.

Chaka cha 1979 khonje linavutika ndi chilala, mowa unatuluka wamadzimadzi, chikondwerero chili pafupi. Ndinadula masamba awiri a nopali wa agogo ako, akale okhuthala aja osati anthete odya. Ndinachotsa minga, ndinawang'amba pakati, n'kuwaviika m'madzi a khonje tsiku lathunthu osawagwedeza. Ulenda umene unatuluka ndinausefa pansalu, n'kuuthira mumgolo wa chikondwerero. Tsikulo nditaponya chikho, mchira wa chinkhanira unafika pa nsapato ya bambo mfumu. Anthu anaimba m'manja. Ndinati chaka chino chokha. Ndanena mawu amenewo kakhumi ndi kasanu ndi kanayi.

Mowa wa masiku onse sindithiramo kanthu, umenewo ndi woona. Koma iwe unatunga mumgolo wa suti. Ndinakuona ukutunga. Ndinaganiza kuti mukangouyang'ana pagalasi, n'kunena kuti ndi wabwino, basi. Sindinadziwe kuti muli ndi sefa yogwira mbala.

Kuba nkhukundembo ndi tchimo laling'ono, ndikanapita nalo kumanda ndikuseka. Chimene chandiletsa kudya ndi kalata ya sopo ija. Ndinadziwa chimene ukufunsa, ndipo ndinatenga mlandu wanga n'kukusenzetsa iwe, ndi mwambo wa bambo anga ngati nkhata. Iwe n'kupita kukagula sopo. Pamenepo palibe nthabwala, ndafunafuna mwezi wathunthu sindinaipeze.

Uwaonetse a Dokotala kalata iyi. Uwauze kuti wachinyengo alipo, koma ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi ndipo digiri sakuifuna.

Chopempha changa, ngati ndili ndi pakamwa popempha: zithere komweko ku Monterrey. Agogo ako ndi a Tacho asamve. M'mudzi muno ndilibe munda waukulu, ndilibe galimoto, ndili ndi mchira wokha.

Agogo ako,
Crisóforo

*

Monterrey, 10 Malichi 1998

Agogo,

Ndalandira. Moni kwa agogo aakazi.

Zimene ndikumva mumtima ndidzanena pamaso, pakalata sizikwana. Pano ndilembe zofunika.

A Dokotala awerenga. Anati nkhaniyi ndi yomveka, koma gogo aliyense angalembe kalata yopulumutsa mdzukulu wake. Komiti ifuna zinthu ziwiri. Choyamba, masamba anayi a nopali yemweyo, ndi botolo la mowa wokonzedwa ndendende mmene mumachitira pa chikondwerero, kuti tifananitse mikanda. Chachiwiri, chikalata chofotokoza zimene mumathira ndi kuyambira liti, chosainidwa ndi inu pamaso pa mlembi wa mudzi, chokhala ndi chidindo chake.

Ndikudziwa amene akusunga chidindo cha San Roque chaka chino. Sindinasankhe ndine.

Zifike pasanakwane pa 27. Sindikukakamizani. Mwandiuza zoona, ndipo ndikuthokoza. Koma zoona zimene mwauza ine ndekha sizingandithandize.

Noemí

*

San Roque, 19 Malichi 1998

Dokotala,

Moni. Katoni ili pa basi ya mawa. Muli masamba anayi, botolo, ndi chikalata m'pepala la pulasitiki. Usachipinde, chandidya moyo.

Ndikuuze mmene zinayendera. Masiku atatu ndinazungulira nyumba ya a Tacho, mlembi wathu wa chaka chino, ngati nkhandwe pa khola. Ndinaganiza zopita kumudzi wina, koma mlembi wa kumeneko ndi mlamu wawo. Lolemba ndinavala malaya a maliro, n'kupita.

Ndinawapeza akudya nyemba. Anati ndakhala kuti masiku onsewa, amaganiza kuti ndafa ndipo anali atayamba kale kukonza mawu abodza okanena pamanda. Ndinawapatsa pepala. Anapukuta manja, anafunafuna magalasi, anawerenga ndi chala mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Akompadrewa kalasi yachitatu anabwereza kawiri, ndiye ndinaima pamenepo nthawi yokwanira kukama ng'ombe. Atafika kumapeto anayambiranso pamwamba.

Kenako anatsegula kabati, anatulutsa chidindo, anachiuzira mpweya, n'kudinda. Anasaina dzina lawo lonse, Anastasio Zempoalteca, ndi mchira wa pansi womwe. Osandiyang'ana. Ine ndikudikira kuti andiponyere mbale.

Anadzuka, anasuzumira panja, anatseka chitseko.

"Akompadre, masamba awiri okha?"

Ndinati awiri.

"Ine ndimaika asanu. Chiyambire chaka cha 1984."

Noemí, ndinakhala pa thumba la chimanga. Zaka zonsezi mbala ziwiri zakhala zikuyezana michira ndi chingwe pamaso pa woyera mtima, bambo mfumu akudalitsa. Ndinafunsa kuti nanga ndi masamba asanu amaluza bwanji. Anati nawonso funso limenelo lawasowetsa mtendere zaka khumi ndi zinayi. Ndinati afotokoze mmene amachitira. Akuti amasenda bwinobwino, amaduladula, n'kuika m'makina a mwana wawo operera tomato, kuti ulenda utuluke wonse.

Pamenepo ndinavula chipewa, ndinatulutsa kalata yako ya Okutobala, pakuti makalata ako onse ndimayenda nawo, n'kuwawerengera pamene unanena za makinawo.

"Mumadula unyolo, akompadre. Mumathira tizidutswa. Ngakhale mbewa sizingadzuke."

Anati ndiye kuti mwana amene tinamutumiza kusukulu uja waphunziradi. Anatinso nkhukundembo zisanu zoyamba, za zaka zimene iwo anali asanayambe kuba, ndiwabwezere, zinazo tafanana. Ndinati ndinadya. Anati adikira.

Tinagwirizana kuti zikhale pakati pathu. Koma tinaiwala kuti akazi awo anali kuseri akutsuka mbale, ndipo khoma la a Tacho ndi la matabwa. Ndisanafike kunyumba nkhani inali itandipitirira panjira. Agogo ako ndinawapeza ataima pa nopali wawo ndi chikwanje. Sananene zambiri. Anandifunsa kuti ndi masamba angati akufunika ku Monterrey, anadula okha anayi abwino, anandipatsa m'manja ndi minga yake yomwe. Ndikulemba ndi dzanja lotupa. Chakudya changa tsopano akuika pamwala wa pa tinakali, ngakhale cham'mawa.

Undidziwitse za komiti. Ngati akufuna kuona wakubayo ndibwera, bola andilipirire basi.

Agogo ako,
Crisóforo

*

Monterrey, 2 Julayi 1998

Agogo,

Moni nonse. Ndakhala chete dala, mudziwe mmene kumawawira kudikira kalata.

Mikanda ya nopali ndi ya botolo loyamba inafanana ndendende. Komiti inakhala pa 3 Epulo. Wina anawerenga chikalata chanu mokweza, ndipo aphunzitsi awiri anagwira pakamwa. Dzina langa layera. A Dokotala Treviño anandipepesa, anakauzanso anzawo aja kuti zimene ananena poyamba zinali zolakwika. Chimenecho sichinali chophweka kwa iwo.

Juni wandipita. Ndimaliza mu Disembala, ndipo miyezi yowonjezerayo ndizigwira ntchito Loweruka pa sitolo ya mankhwala. Belu la tchalitchi lija lachoka m'pepala langa. Chatsala ndi chaching'ono koma ndi changa: unyolo wa tizilombo tanu, wa mowa wa masiku onse. Ndaudula m'misinkhu itatu. Wapakati umadzutsa asilikali pang'ono, nthawi zonse mofanana, kasanu ndi kamodzi tsopano. Ukafupika amachepa kuumva, ukafupikitsitsa saumva konse. Chifukwa chake sindinachidziwe bwino. Ndikuganiza kuti msilikali amafuna kugwidwa malo angapo nthawi imodzi, ndipo kachidutswa kali ndi dzanja limodzi lokha.

Mkwiyo sunathe wonse, koma ukufupika. Ndibwera mu Disembala ndi pepala. Mudzandilola kulowa m'tinakali, ndipo ndidzasamba sopo yemwe uja.

Muwauze agogo aakazi kuti ndikudya.

Noemí

*

San Roque, 18 Ogasiti 1998

Dokotala weniweni,

Moni. Tili bwino, dzanja linaphwa, bulu akadali wosaphunzira.

Chikondwerero chinali dzana. Anthu anabwera ochuluka kuposa chaka chilichonse, pakuti aliyense amafuna kuona mbala ziwiri zikuponya chilungamo. Bambo mfumu anati chaka chino migolo iyang'aniridwe kuyambira pothira mbewu, ndipo anafunsa amene angadzipereke. Agogo ako anaimika dzanja.

Ndinati mwambo sulola. Anati mwambo umenewo wawadyera nopali wa mayi awo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lachiwiri lapitalo anasamba, anadzola mafuta a maluwa aja unawagulira, anavala diresi la Misa, anadutsa mwala wa chakudya uja, n'kulowa. Anatchula dzina la Maria pa mtanda mokweza kuposa ine. Anayang'ana migolo, anayang'ana denga, anapititsa chala pa shelefu.

"Ndiye tchalitchi chanucho n'chimenechi? Mwasesamo liti?"

Anakhala pampando masiku asanu akuluka, ine ndikugwira ntchito ngati mkaidi. Kwa a Tacho kunali akazi awo, makina a tomato atawatsekera m'kabati.

Tsiku litafika ndinaponya chinkhanira changa. Mchira wake unali ngati wa nkhumba. A Tacho anaponya, wawo ngati wa mbuzi. Oyeza anagwada ndi chingwe, anakangana, anapeza kuti a Tacho andiposa ndi chala chimodzi chopingasa. Ananyamula nkhukundembo ngati mwana wobatizidwa, misozi ili m'maso, n'kunena kuti zatsala zinayi.

A Nicanor atamwa wanga anati chaka chino asilikali sakuguba. Ndinati akuguba pang'ono, nthawi zonse mofanana, kasanu ndi kamodzi, afunse ku Monterrey. Usakwiye, ndinawauzanso kuti ndi za mbewa.

Botolo la mgolo wa chikondwerero lili pa basi ya Lachisanu. Uliyeze mu sefa yako mmene ungafunire. Analitunga ndi agogo ako, ndi dzanja lonunkhira maluwa, ndipo mbewu ya bambo anga ikuwira ngati sinamve kanthu.

Agogo ako,
Crisóforo